Basi Imodzi, a Gama

(Kulira kwa chikepe. Mapazi m'khonde. Kugogoda kwamphamvu pachitseko.)

MFOTOKOZI: Muno ndi mu Scarborough, kum'mawa kwa mzinda wa Toronto m'dziko la Canada, m'nyumba ina yosanja momwe zitseko ziwiri zimayang'anizana. Chakumanja ndi cha a Gama, chakumanzere ndi cha a Nambewe, msungichuma wa kagulu ka Amalawi okhala kuderali. Kaguluka kagwirizana kuti chilimwe chino anthu 40 akapitidwe mphepo ku Niagara-on-the-Lake, katawuni ka m'mphepete mwa nyanja ya Ontario kotchuka ndi vinyo ndi minda ya zipatso. Mgwirizanowo unathera pa dzina la katawuniko. Za kayendedwe, za tsiku ndi za ndalama zatsalira aneba awiriwa, amene samvana ngakhale pa nkhani yoti kunja kwatentha kapena kwazizira.

GAMA: Odi kuno! A Nambewe, tsegulani. Ndikudziwa muli momwemo, fungo la usipa lakuululani.

NAMBEWE: Odini, a Gama. Chitsekocho ndi cha eni nyumba, mukachiswa mulipira ndinu. Kwagwanji?

GAMA: Kwagwa uthenga wanu uja wa pa WhatsApp. Basi imodzi, malo amodzi, mwezi wa Ogasiti, ndalama zonse zilowe Julaye asanathe. Tinakusankhani kusunga thumba, mayi, osati kulamula mtundu wa anthu. Ife tinakhetsa thukuta kuti tigule magalimoto m'dziko lino. Inshuwalansi ikutidya mwezi ndi mwezi, galimoto ikungogona pansi pa nyumba kuthawa chipale, ndiye tsiku limodzi loti nayonso ione dziko inu mukuti itsale? Ndawerenga bwinobwino, pagulu pathu pali magalimoto 8. Iliyonse itenge anthu 5, ndiye kuti 40 yakwana popanda wotsala. Aliyense anyamuke nthawi yomwe wadzuka, aime pomwe chikhodzodzo chamuuza, abwerere akatopa. Ndalama ya basiyo tigulire nyama yootcha.

NAMBEWE: Lowani kaye mukhale pansi, mukudzutsa ana a eni. Masamu anuwo sindikuwatsutsa, 8 kuchulukitsa ndi 5 ndi 40 ndithu. Chomwe mwasiya n'chakuti mwa anthu 40 amenewo, 8 mwawalemba ganyu yosalipidwa, ndipo mwawatchera msampha. Taganizani komwe tikupita. Kumeneko alimi a mphesa amatsegula zipata kuti alendo alawe vinyo. Amathira pang'ono, zoona, koma amathira mitundu itatu kapena inayi, ndipo mukatuluka pa munda uwu mumalowa pa wina. Tsono lamulo la kuno mukulidziwa. Mowa ukafika 0.08 m'magazi iwe uli pa chiwongolero, umenewo ndi mlandu wa kukhoti m'Canada monse. Muno mu Ontario sadikira n'komwe kuti ufike pamenepo: kungoyambira 0.05 apolisi amakulanda laisensi pamsewu pomwepo kwa masiku angapo. Amene ali ndi laisensi ya G1 kapena G2, komanso aliyense wa zaka 21 kutsika m'munsi, saloledwa ngakhale dontho. Ndiye tawerenganinso madalaivala anu 8 aja, muone ndi angati akadali pa G2 poti abwera posachedwa.

GAMA: Ine yanga ndi G yathunthu. Komanso thupi ili limaudziwa mowa. Timakapu tawoto sitingandigwedeze.

NAMBEWE: Kachipangizo kopumiramo kaja sikafunsa mbiri ya thupi la munthu, a Gama. Ndipo kuyambira Disembala 2018, wapolisi amene wakuimitsa mwalamulo atha kukuuza kuti upumiremo ngakhale asanamve fungo lililonse. Nthawi yomweyo anakweza chilango chachikulu cha mlanduwu kufika zaka 10 m'ndende. Mwina muti zaka 10 zimenezo n'zongoopsezera, poti ambiri olakwa koyamba amalipitsidwa chindapusa n'kuletsedwa kuyendetsa. Vuto lili apa: lamulo loona za olowa m'dziko siliyang'ana chilango chomwe walandira chokha, limayang'ananso chilango chachikulu chomwe mlanduwo ungabweretse. Mlandu wofika zaka 10 amauika m'gulu la milandu ikuluikulu, ndipo munthu amene si nzika, ngakhale ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, atha kutaya mapepala ake n'kubwezedwa kwawo. Mbadwa ya kuno ikalakwa imalipira, n'kumayenda pa basi kwa chaka. Ambiri a ife tikalakwa timaika pachiswe zaka zonse zomwe tinadikira mapepala, sukulu ya ana, ndi ndalama zomwe zimapita kumudzi. Pamene dalaivala wa basi yahayala lamulo limamuletseratu mowa akakhala pantchito, ndipo ndalama yathu ikugula chimenecho.

GAMA: Ha! Ndiye mwandipatsa yankho nokha. Pagulu pathu pali madikoni, pali amayi a Mvano, pali a Sabata osalawa ngakhale khofi. Tiwapatse makiyi amenewo, ife tikhale kumbuyo.

NAMBEWE: Ndiye kuti mphotho ya kusamwa ikhale kutumikira omwa? Munthu wasonkha ndalama yofanana ndi yanu, koma tsiku lonse maso ali pa msewu, inu mukuimba nyimbo zosokonekera m'khutu mwake. Komanso msewuwo si wamasewera. Kukakhala kopanda mitambo, munthu woima m'mphepete mwa nyanja ku Niagara-on-the-Lake amaona nsanja za Toronto kutsidya, chifukwa pamadzi ndi makilomita pafupifupi 50 okha. Koma msewu umazungulira nyanja yonse chakumadzulo, kudzera ku Burlington ndi Hamilton, makilomita oposa 130, ndipo Loweruka la chilimwe msewu wa QEW umadzaza chifukwa theka la Toronto limakhala ndi maganizo ofanana ndi athu. Magalimoto 8 akanyamuka pamodzi safika pamodzi. Wina aphonya potulukira, wina aima kumwetsa mafuta, wina foni yamuthera moto ndipo mapu apita nayo. Kutawuni yakaleko poimika galimoto ndi polipira, ndipo sipakwanira. Chachikulu n'chakuti minda ya mphesa silandira chikhamu cha anthu chongotulukira. Gulu lalikulu limalembetsa pasadakhale, amalipatsa ola lake, ndipo olalo likadutsa pamalowa gulu lina. Basi imodzi imafika nthawi imodzi. Magalimoto anuwo adzafika nthawi zisanu ndi zitatu, ndipo tsiku lonse lidzathera pa foni kufunsana kuti muli pati.

GAMA: Chabwino, magalimoto tiwasiye. Nanga sitima? Sitima ya GO imanyamuka pa Union Station mpaka ku Niagara, dalaivala wake samwa, ndipo mtengo wake sufika pa basi yanu yamakataniyo.

NAMBEWE: Imafika ku Niagara Falls, osati ku Niagara-on-the-Lake. Awa ndi matawuni awiri. Kumene tikupitako kulibe siteshoni ya sitima, ndipo minda ili mbalambanda m'timisewu ta kumidzi, wina apa wina uko. Mukatsika sitima ndi anthu 40, agogo ndi makanda omwe, mudzayamba kusaka mataxi khumi.

GAMA: (kuwomba m'manja) Mwatchula nokha! Niagara Falls! Apa ndiye pagona mkangano wanga weniweni. Munthu wamutu wabwino angafike makilomita 20 ndi pang'ono kuchokera pa mathithi odziwika dziko lonse lapansi, n'kubwerera osawaona, chifukwa a Nambewe alemba kuti malo amodzi? Abale athu kumudzi akatsegula Facebook akufuna aone munthu atavala pulasitiki, madzi akumuthira, nthunzi ili tolo kumbuyo. Inu mukufuna ndiwatumizire chithunzi nditakumbatira mtengo. Adzati a Gama zawavuta, abwerera ku ulimi. Ndiponso pagulu pathu alipo ongofika kumene, amene mathithiwo amangowamva. Muwamane chifukwa chiyani?

MFOTOKOZI: Apa a Gama anena chanzeru, ndipo zoterezi sizichitika kawirikawiri, choncho tiziwerengere. Munthu wobwera kumene amalakalakadi mathithi kuposa munda, ndipo msungichuma amene samva zimenezi sakhalitsa pa udindo. Koma funso lomwe lili pakati pa aneba awiriwa si lakuti mathithi ndi okongola kapena ayi. Funso ndi lakuti ulendo wa anthu ambiri umapindula chiyani chimene munthu mmodzi sangachipeze yekha.

NAMBEWE: Sindikuwamana. Mathithi aja sathawa, a Gama. Amagwa usana ndi usiku, chaka chonse, ndipo sitima yomwe mwaitama ija imakutulani komweko. Munthu mmodzi, banja limodzi, atha kudzuka Loweruka lililonse n'kupita, osafunsa komiti. Kumeneko gulu silikuthandizani kanthu, limangokuchedwetsani. Mukatsitsa anthu 40 pa mathithi ndiye kuti mwawamwaza. Ena ali pa mzere wa boti, ana akokera makolo awo ku Clifton Hill kuli zoseweretsa ndi nyumba zoopsezera, wina walowa m'kasino ndipo sayankha foni. Kuwasonkhanitsanso ndi ntchito ya maola awiri. Tsopano werengani tsiku: maola awiri kupita, maola awiri kubwerera, msewu ukakhala wachifundo. Pakati pake patsala maola mwina 7. Mukawagawa pawiri, mathithi muwaona mothamanga, minda muiona pa windo. Chimene gulu limatha, chimene inu nokha simungachite mosavuta popanda galimoto ndi dalaivala wosamwa, ndi kufika m'minda muja, kulandiridwa pa ola lanu, ndi kubwerako ndi katundu. Ndalama yosonkherana igwire ntchito imene munthu payekha sangaithe. Ongofika kumenewo tidzawaperekeza pa sitima mwezi wotsatira, ndipo inu mudzatsogolere, pulasitiki ndikugulirani ndine.

GAMA: Nanga kumeneko kuli chiyani kwenikweni? Nyanja? Mwana wa ku Malawi mukamuonetse nyanja? Yathu ija ndi yaikulu kuposa Ontario, madzi ake ndi ofunda, ndipo m'mbali mwake mumadya chambo. Iyi ukangoviika chala, mano amaguguda.

NAMBEWE: Kukula ndi yathu, sinditsutsa. Koma iyi sitikupita kukaisambira, tikupita kukaona ntchito yomwe imagwira. Tadzifunsani, dziko lomwe m'Januwale mpweya umaundana pa ndevu, mapichesi amabereka bwanji? Mtengo wa pichesi ndi wosachedwa kupsa ndi chisanu. Yankho lake ndi nyanja yomwe mukuinyozayo. Ontario ndi yakuya, pena mpaka mamita 244, ndipo kawirikawiri siundana yonse. Madzi ochuluka chotero amachedwa kutentha, amachedwanso kuzizira. Chilimwe chonse amasunga kutentha, kenaka dzinja la kuno likamayandikira amakutulutsa pang'onopang'ono, moti mphesa zimapeza masabata owonjezera oti zikhwime. Chisanu chikamatha zimatembenuka: nyanja imakhala ikadali yozizira, ndiye imachedwetsa mitengo kuphukira, kuti maluwa asatuluke msanga n'kupsa ndi kachisanu kotsiriza. Kumbuyo kwa mindayo kuli chitunda chachitali cha miyala, Niagara Escarpment, chomwecho chimene mtsinje wa Niagara umagwerapo pochokera ku nyanja ya Erie. Pakati pa chitundacho ndi nyanja mpweya umangozungulira, sukhazikika malo amodzi kuti uwononge mbewu. Kachigawo kopapatiza kameneka ndi komwe kumachokera mapichesi ambiri a mu Ontario. Ndiye onani, mathithi anu aja ndi munda wanga uja, mwini wake ndi chitunda chimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti wanga umadyedwa.

GAMA: Mwaloweza bwino, aphunzitsi. Koma ngati n'choncho, bwanji Ogasiti? Ine ndamva kuti ulemerero wa kumeneko ndi vinyo wa mphesa zoundana, amene amati icewine. Ameneyo amakolola m'chisanu. Tipite Januwale, mahotela atatsika mtengo, tikaone zenizeni.

NAMBEWE: Inu amene mumavala majekete awiri popita kukataya zinyalala? Mverani mmene amapangira. Mphesa, makamaka za mtundu wa Vidal, amazisiya pa mtengo nyengo yokolola itadutsa, ataziphimba ndi maukonde kuti mbalame zisamalize. Amadikira mpaka kuzizira kutsike kufika madigiri 8 pansi pa ziro, chifukwa lamulo la vinyoyu limatero, ndipo kawirikawiri amathyola usiku. Amazifinya zikadali zolimba gwa. Madzi amatsalira ngati ayezi, chimatuluka ndi timadzi tochepa totsekemera kwambiri, n'chifukwa chake amagulitsa m'timabotolo towonda pa mtengo wolemera. Ulemerero umene mukunenawo ndi woona. Donald Ziraldo ndi Karl Kaiser anatsegula kampani ya vinyo ya Inniskillin mu 1975, ndipo mu 1991 icewine wawo anapambana mphotho yaikulu pa chionetsero cha Vinexpo ku Bordeaux, kwa eni ake a vinyo ku France. Kuyambira pamenepo dziko linasiya kuseka vinyo wa ku Canada. Koma tsiku lokolola limasankhidwa ndi chisanu, osati ndi komiti yathu. Simungalembetse basi lero kuti usiku wakutiwakuti kudzazizira mokwanira. Ndipo botolo lake lilipo chaka chonse, mudzalawa mu Ogasiti mutavala malaya amodzi. Chimene sichidikira munthu ndi chipatso. Matcheri ndi a Julaye. Mapichesi amayamba kumapeto kwa Julaye, koma oyambirirawo nthangala yake imakakamira. Chapakati pa Ogasiti ndi pomwe amafika aja ongoti ukang'amba nthangala n'kugwa yokha. Mphesa zimathyoledwa kuyambira Sepitembala, ana atabwerera kale kusukulu. Tsiku ndinalitenga pa kalendala ya mlimi.

GAMA: Ndiye mukawauza chiyani amayi a Mvano aja? Kuti thumba la gulu likulipira ulendo wokamwa? Lamulungu likudzalo dzina lanu lidzamveka m'mapemphero, ndipo osati mokuyamikani. Ana nawonso muwaika pati, poti kuno mowa ndi wa zaka 19 kupita m'mwamba?

NAMBEWE: Mwafunsa bwino, ndipo n'chifukwa china chosankhira Ogasiti. M'Januwale kumeneko wosamwa amangoona anzake. Mu Ogasiti munda wa zipatso ndi wa aliyense. M'mawa tonse tiyambira kumeneko. Masana basi itula ofuna kulawa pa munda umodzi wa mphesa, umodzi wokha, ndipo ndalama yolawira aliyense atulutsa m'thumba mwake, thumba la gulu siligula dontho. Otsalawo basi iwapititsa kutawuni yakale, ndipo kumeneko sakaona njala ya maso. Katawuni kameneka kanali likulu loyamba la Upper Canada mu 1792, kakutchedwa Newark. Mu 1793 mayi wina wakuda, Chloe Cooley, amene anali kapolo, anamangidwa zingwe n'kuwolotsedwa mtsinje wa Niagara pa bwato kuti akagulitsidwe ku America, iye akukuwa. Nkhaniyo inafika kwa John Graves Simcoe, yemwe ankalamulira chigawochi, ndipo chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya ku Newark inaletsa kubweretsa akapolo atsopano. Lamulolo linali lopunduka, chifukwa omwe anali kale akapolo silinawamasule, ana awo obadwa pambuyo pa lamulolo okha ndiwo ankamasuka akafika zaka 25. Komabe ana athu akuda okulira kuno ayenera kuponda pamalo pomwe zinachitikira. Likulu linasamukira ku York, yomwe lero ndi Toronto, chifukwa mizinga ya Amereka inali kutsidya kwa mtsinje, ndipo mantha amenewo sanali achabe: mu Disembala 1813 asilikali a Amereka anatentha pafupifupi tawuni yonse, anthu n'kutsala pa chipale. Linga la asilikali la Fort George lilipo, ana akaona. Kulinso zisudzo za Shaw Festival, zomwe zinayamba mu 1962, koma matikiti ake ndi a matumba ena, ife tidzangodutsa pakhomo mwaulemu.

GAMA: Eee, mbiri yonseyi pa mtengo wa pichesi! Koma tibwerere pa ndalama, poti ndi pomwe asungichuma mumabisala. Bwanji tilipiriretu? Moyo wa kuno mukuudziwa. Bwana atha kukuikira shifiti Lachisanu madzulo. Kumudzi kutha kugwa zovuta, ndalama yonse n'kupita pa foni. Munthu alipire pokwera basi, monga zimakhalira kulikonse. Ndipo mwalembanso kuti ndalama sibwezedwa. Chimenecho ndi chiyani ngati si kulanda?

NAMBEWE: Mwini basi satilipiritsa pa mutu, amatilipiritsa pa basi. Ikadzaza, ikapita theka, mtengo ndi womwewo, ndipo amafuna chikole masabata angapo tsikulo lisanafike. Zili ngati ng'ombe ya Khirisimasi yosonkherana: ikaphedwa, simunganene kuti ine ndasintha maganizo, bwezeni yanga, chifukwa gawo lanu lagona kale pa tsamba. Tikati alipire pokwera, anthu 40 adzalonjeza ndi mtima wonse, m'mawa wa tsikulo padzafika 26, ndipo ngongole ya mipando yopanda anthu idzagwera omwe asunga mawu awo. Ndiye kuti wokhulupirika walipitsidwa chindapusa. Zoti shifiti imagwa mwadzidzidzi ndi zoona, zovuta nazo siziuza munthu. N'chifukwa chake ndalemba kuti mpando ndi wanu, mutha kuugulitsa kapena kupatsa wina, ndipo ndikusunga mndandanda wa odikira. Wagwa m'mavuto enieni, gulu lili ndi thumba lachisoni, lomwe ndi lina, ndipo limayendera malamulo ake. Ndalama zonse zikulowa pa Interac, risiti ya mwini basi ndiika pa WhatsApp, aliyense agawe yekha ndi 40. Mukapeza senti yosowa, mudzagogode chitseko changa monga mwachitiramu.

GAMA: Mayankho muli nawo ngati munagona nawo. Koma ili lokha simulithawa. Mapichesi omwewo a ku Niagara ali mu supamaketi pa kona apa, m'timadengu tawo. Tikwerere basi maola anayi kukagula chinthu chomwe chili mphindi zisanu kuchokera pakhomo?

NAMBEWE: Pichesi la m'sitolo amalithyola likadali lolimba kuti lipirire ulendo ndi kugwiridwagwiridwa. Likafika kwa inu limafewa, koma shuga wake sawonjezeka kwenikweni, chifukwa pichesi limatsekemera lili pa mtengo. Lakupsa bwino siliyenda mtunda, mlimi amaligulitsa pa chipata chake. Ndipo chipata chimenecho alimi akuchidalira kuposa kale. Mu 2008 fakitale yoika zipatso m'zitini ya ku St. Davids, m'dera lomwelo, inatsekedwa, ndipo alimi omwe ankalima mapichesi a m'zitini anazula mitengo yawo chifukwa analibenso kogulitsa. Boma la Ontario linateteza malowo mu 2005 ndi lamulo la Greenbelt kuti asamangidwepo nyumba, koma lamulo limateteza nthaka, siligula chipatso. Chinanso, mukafika m'mundamo mudzaona amene amathyola. Ambiri ndi anyamata ndi azibambo ochokera ku Jamaica ndi Mexico, obwera pa ndondomeko ya boma yomwe inayamba ndi Jamaica mu 1966, Mexico n'kulowa mu 1974. Amakhala kuno mpaka miyezi 8 pa chaka, mabanja atawasiya kwawo, ndalama akutumiza.

GAMA: Aha! Ndiye ndalama yanga ikathera m'thumba la mwini munda, wothyolayo osaona kanthu. Chifundo chanu chili pati pamenepo?

NAMBEWE: Pamenepo mwalasa, ndipo sindinama kuti dengu lanu likweza malipiro a munthu. Silikweza. Anthu amenewa chilolezo chawo chimamangidwa kwa bwana mmodzi, ndipo amene wamangidwa chotero savuta kumuopseza. Zimenezo zimakonzedwa ndi malamulo, osati ndi alendo a Loweruka. Koma mukagula pa kona apa ndalama yanu siimufikanso, ndipo pakati pamalowa ena odya nawo. Kusiyana n'kwakuti pa shelefu simuona nkhope. Ife amene timadziwa kutumiza ndalama kwathu tsiku lolandira, sitingapite kumeneko n'kumangojambula mabotolo osapereka moni kwa munthu amene ali pa makwerero. Ana athunso adziwe kuti chipatso chimathyoledwa ndi dzanja.

(Kachete. Kukhosomola kwa a Gama. Mpando ukukokedwa.)

GAMA: Mwati pa chipata amagulitsa akupsa? Ndipo munthu akagula ochuluka, madengu akuluakulu aja, angathe kukambirana mtengo?

NAMBEWE: Zimenezo mukafunse mlimi.

GAMA: Ayi, ndikungofunsa mwa chidwi. Nanga basi yanuyo, pansi pake pali malo a katundu? Aja otsegula m'mbali?

NAMBEWE: Alipo. Bwanji?

GAMA: Kukula kwake, tinene kuti poyerekeza ndi buti ya Corolla...

NAMBEWE: A Gama. Tandiyang'anani. Kapepala kaja kali pafupi ndi makina ochapira, kolembedwa kuti ofuna mapichesi a kumunda alembetse pa chitseko nambala 914, ndi ka ndani?

GAMA: M'nyumba muno muli zitseko zambiri.

NAMBEWE: Pa chanu palembedwa 914. Ndiye nkhondo yonseyi ya ufulu wa magalimoto, inshuwalansi, mathithi ndi amayi a Mvano, inu mumafuna buti?

GAMA: Ndi kutumikira anthu, mayi. Alembetsa mabanja 17, ena apereka kale kangachepe. Ndimati anthu anayi m'galimoto asonkhe mafuta, madengu ena akhale pa miyendo pawo. Koma ngati basi ili ndi mimba yotero, ine sindine munthu wokakamira maganizo. Lembani dzina langa. Ndipotu ndakhala ndikuwauza anthu kuti basi ndiye nzeru.

NAMBEWE: Ndalemba. Mpando umodzi, madengu awiri, monga aliyense.

GAMA: Awiri? Mabanja 17 agawane madengu awiri?

NAMBEWE: Loposera apo lili ndi mtengo wake, ndipo ndalamayo ilowa m'thumba la gulu. Malo a pansiwo talipira tonse 40.

GAMA: Umenewu ndi msonkho! Ngakhale pa boda sachita chotere! Chabwino, nanga ana a anthu? Khanda la a Nachisale lili ndi mpando, koma mano lilibe. Madengu ake awiri ndikatenge ine.

NAMBEWE: Mukakambirane ndi mayi ake. Koma ndikuchenjezeni, iwonso aika kapepala kawo m'chikepe, ndipo mtengo wawo ndi wotsika kuposa wanu.

GAMA: M'chikepe? Chikepe chiti? Chakumanzere chija? (mapazi othamanga) A Nachisale! A Nachisale, tsegulani, tikambirane ngati anthu!

NAMBEWE: (mokuwa) Julaye asanathe, a Gama! Pa Interac!

(Chitseko chitsekedwa. Nyimbo.)